ADOLOFINI NDI NKHONDO ZA ANTHU

M'nyanja zazikulu za mcere muli nyama imene dzina lace ndi dolofini. M'cinenero cathu tiribe dzina lacelace la nyama imeneyi, pakuti dziko lathu liri kutali ndi nyanja zimenezo, ndipo makolo athu sanaione. Wofuna kuiona ayenera kupita ku gombe la Indian Ocean, monga ku Beira kapena ku Durban, ndipo kumeneko, akakhala ndi mwai, adzaona kagulu ka adolofini kalikudumpha pamwamba pa mafunde.

Mukamuona dolofini koyamba mudzati ndi nsomba yaikulu, koma si nsomba iai. Nsomba ipuma m'madzi. Dolofini ali ndi mapapo monga ng'ombe, ndipo apuma mpweya ndi mphuno imodzi imene iri pamwamba pa mutu wace. Akakodwa mu ukonde, nalephera kutulukira pamwamba, amafa monga momwe munthu afera m'madzi. Nsomba zambiri ziikira mazira. Dolofini wamkazi akhala ndi pakati miyezi 12, nabala mwana mmodzi, namuyamwitsa, ndipo mwanayo atsata amace zaka zitatu kapena kuposa. Ngakhale kusambira kwace nkosiyana, cifukwa mcira wa nsomba upita uku ndi uku, pamene wa dolofini upita pansi ndi pamwamba. Anthu ophunzira za nyama apeza kuti mwa nyama zonse za pamtunda zimene ziripo lero, mbale wapafupi wa dolofini ndi nangumi ndiye mvuu, yomweyo imene ilira usiku mu Luangwa.

Mitundu ya adolofini ndi yambiri. Amene tinena za iye makamaka ndi uja wa mlomo waufupi, wochedwa bottlenose m'Cingerezi. Utali wace ndi mapazi 8 kufikira 12, ndipo kulemera kwace kuposa kwa amuna atatu. Akhala m'magulu, nasaka nsomba pamodzi. M'caka ca 1965 David Caldwell ndi mkazi wace Melba anaonetsa kuti dolofini ali yense ali ndi mluzu wacewace, wosiyana ndi wa anzace, umene ugwira nchito ngati dzina. Kugona kwace nakonso nkodabwitsa: mbali imodzi ya bongo wace igona pamene inzace iri maso, kuti asaiwale kukwera pamwamba kukapuma.

Koma mphatso yaikulu ya dolofini, imene yamkokera m'milandu ya anthu, ndiyo kuona ndi makutu. Mukaima pafupi ndi phiri la miyala ndi kupfuula, mau anu abwerera kwa inu, ndipo phirilo likakhala patali mauwo acedwa kubwera. Mleme apeza njira yace mumdima mwa nzeru yomweyo. Dolofini atulutsa timau tambirimbiri totsatana, tonga kugogoda kofulumira, tocokera m'mutu mwace. Pa cipumi pace pali mafuta oundana amene alunjikitsa timauto kutsogolo monga kuwala kwa toci. Tikagunda cinthu tibwerera, ndipo iye atilandira ndi nsagwada ya pansi, imene itifikitsa ku khutu. Motero ngakhale usiku, ngakhale m'madzi a matope mmene munthu sangaone dzanja lace lomwe, dolofini adziwa pamene pali cinthu, ukulu wace, ndiponso ngati ndi mwala, mtengo kapena citsulo. Akhoza kupeza ndi cinthu comwe cokwiririka mumcenga wa pansi pa nyanja. Anthu apanga makina ocita nchito yomweyi, ochedwa sonar, koma m'madzi osaya a pa dooko, modzaza matope, zitsulo zotaika ndi phokoso la zombo, makinawo asokonezeka msanga kuposa dolofini.

Momwe analowera usilikali

M'caka ca 1960 asilikali a pamadzi a dziko la America anayamba kuyesa dolofini wamkazi, dzina lace Notty. Sanafune kumtuma nchito. Anangofuna kudziwa cifukwa cace nyama imeneyi ithamanga cotere m'madzi, kuti mabomba ao aatali oyenda okha pansi pa madzi, ochedwa torpedo, akhale aliwiro. Pa cimeneco sanapindule kwambiri, koma anazizwa poona kufulumira kwa nyamayo pophunzira. Tsono anamanga makola a adolofini ku Point Mugu, m'cigawo ca California, ndipo dotolo wa nyama, Sam Ridgway, ndiye anayang'anira moyo wao.

M'caka ca 1965 anthu ena anatsikira pansi pa nyanja pafupi ndi La Jolla, nakhala masiku ambiri m'nyumba ya citsulo yochedwa Sealab II, mapazi 200 pansi pa madzi, kuyesa ngati munthu angathe kukhala ndi kugwira nchito kumeneko. Mthenga wao anali dolofini, dzina lace Tuffy. Iye ananyamula makalata ndi zipangizo kucokera pamwamba kunka nazo pansi, naphunziranso kupereka cingwe kwa munthu wosokera kuti abwerere ku nyumbayo. Codabwitsa cinali cakuti Tuffy analikusambira m'nyanja yeniyeni, wopanda cingwe comgwira, koma sanathawe. Pambuyo pace anamphunzitsa kumira mapazi pafupifupi 1,000.

M'caka ca 1967 boma linaika nchito imeneyi m'cinsinsi, ndipo inakhala yobisika zaka zoposa 20. Likulu lace linakhala ku San Diego. M'zaka zapitazi adolofini a kumeneko akhala pafupifupi 70, pamodzi ndi nyama zina zochedwa mikango ya m'nyanja.

Kodi nyama yotere aiphunzitsa bwanji? Cikoti sicithandiza, pakuti dolofini akakwiya angomira, napita. Mphunzitsi wace akhala ndi wezulo ndi ndowa ya nsomba. Dolofini akacita coyenera, mphunzitsi aliza wezulo nthawi yomweyo, nampatsa nsomba; akalakwa, wezulo salira. Ayamba ndi zazing'ono, monga kukhudza dzanja ndi mlomo, kutsata bwato, ndi kulumphira m'bwato kukagona pa mphasa yofewa. Pang'ono ndi pang'ono aonjezapo zobvuta, ndipo maphunziro onse atenga zaka zingapo.

Nchito yao yaikulu ndiyo kufuna mabomba ochera m'madzi. Bomba lotere liri ngati msampha. Adani aliika pansi pa nyanja, kapena alimangirira ndi unyolo kuti liyandame pakati pa madzi, panjira ya zombo. Ilo silisankha, liphulitsa combo ca asilikali, ca malonda, ngakhale ca asodzi, ndipo likhoza kudikira zaka zambiri nkhondo itatha. Dolofini apita ku malo okaikitsa pamodzi ndi aphunzitsi ace m'bwato laling'ono. Mphunzitsi akapereka cizindikiro ndi dzanja, iye amira, nafufuza ndi timau tace tija. Pobwera akhudza mbali imodzi ya bwato ngati wapeza kanthu, mbali ina ngati sanapeze. Akapeza, ampatsa cizindikiro coyandama cokhala ndi cingwe, ndipo iye akacisiya pambali pa bombalo. Pamenepo nchito yace yatha. Amkweza m'bwato, namcotsa pamalopo, ndipo anthu odziwa kumira ndiwo atsikira kukaononga bombalo. Asilikali anena kuti dolofini saliphulitsa, cifukwa mabomba ambiri otere anapangidwa kuti amve citsulo, phokoso ndi kulemera kwa combo cacikulu.

Luso lao lioneka pa cinthu cimene cinacitika m'caka ca 2013. Adolofini awiri, ali pa maphunziro pafupi ndi Coronado, anaonetsa kuti pansi pali kanthu pamalo pamene aphunzitsi sanaikepo ciri conse. Anthu atamira anapeza torpedo wakale wa mtundu wa Howell, amene anagona m'matope zaka zoposa 100.

Nchito yaciwiri ndiyo kulonda. Mdani akhoza kusambira usiku pansi pa madzi, nadzamatika bomba pa combo cokoceza pa dooko. Dolofini amva munthu wotere ali patali, nabwera kudzauza aphunzitsi ace, ndipo akamtuma apita kukamgunda ndi cizindikiro cimene cikwera pamwamba, kuti alonda adziwe pomgwirira. M'zaka za 1970 ndi 1971, pa nkhondo ya ku Vietnam, adolofini analonda dooko la Cam Ranh Bay, posungira zipolopolo. M'caka ca 1987 asanu ndi mmodzi anawatumiza ku Bahrain kukalonda combo ca nkhondo, ndipo mmodzi mwa iwo, dzina lace Skippy, anadwala, nafera komweko.

M'mwezi wa March 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, dooko la Umm Qasr linali lotsekeka cifukwa ca mabomba a m'madzi, pamene anthu a kumwera kwa dzikolo analikusowa madzi akumwa ndi cakudya. Adolofini anabwera pa ndege, nagwira nchito pamodzi ndi anthu omira ndi makina. Pa 28 March combo ca ku Britain, Sir Galahad, cinalowa pa dooko ndi katundu wothandiza anthu.

A ku America sanali okha. Boma la Soviet Union linayamba nchito yomweyi m'zaka za m'ma 1960 ku Sevastopol, pa nyanja ya Black Sea. Bomalo litapasuka m'caka ca 1991, adolofiniwo anakhala a dziko la Ukraine, limene linalibe ndalama zowasamalira. Ena anawasandutsa osambira ndi ana odwala ndi alendo olipira. M'caka ca 2000 kunamveka kuti mphunzitsi wao, Boris Zhurid, wagulitsa ena ku Iran, cifukwa ca kusowa cakudya ndi mankhwala owapatsa. Ukraine inayambanso maphunziro a nkhondo m'caka ca 2012, koma m'caka ca 2014 Russia inalanda cigawo ca Crimea, ndi makola a adolofini omwe. M'caka ca 2016 boma la Russia linalengeza kuti lifuna kugula adolofini ena asanu, ndipo m'caka ca 2022 zithunzi zojambulidwa kucokera mumlengalenga zinaonetsa makola awiri pa khomo la dooko la Sevastopol.

Mlandu wace

Tsono tafika pa funso limene anthu akhala akutsutsana zaka zambiri: kodi nkoyenera kusunga nyama imeneyi m'khola ndi kuiphunzitsa nchito ya nkhondo? Poweruza mlandu tiyenera kumva mbali zonse, monga acitira akulu pa bwalo.

Amene abvomereza ali ndi mau amphamvu. Iwo ati, bomba liri lonse limene dolofini apeza ndi anthu opulumuka. Popanda iye, mwana wa munthu ndiye akanamira m'matopemo, nafufuza ndi manja mumdima. Atinso adolofini ao asamalidwa bwino. Adya nsomba zabwino tsiku ndi tsiku, ali ndi adotolo ao, saopa njala, shaki kapena maukonde a asodzi, ndipo mabuku a ku San Diego aonetsa kuti akhala ndi moyo zaka zambiri kuposa anzao a m'nyanja. Zambiri zimene tidziwa za kumva, kumira ndi matenda a adolofini zinaphunziridwa m'makola omwewo. Afunsanso kuti, kodi munthu salimitsa ng'ombe, kusenzetsa bulu, ndi kusaka ndi galu? Ndipo mau ao otsiriza ndi awa: adolofini athu atuluka m'nyanja opanda cingwe, akanakhala kuti abvutika, bwenzi atathawa, koma ndi owerengeka okha amene sanabwerere.

Zambiri mwa izi nzoona, ndipo sitiyenera kuyesa kuti aphunzitsiwo ndi anthu ankhanza. Ambiri akonda nyama zao monga mbusa wabwino akonda ng'ombe zace. Koma tiyeni tiyese mauwa bwino.

Ng'ombe, bulu ndi galu ndi ziweto. Makolo ao akhala ndi munthu zaka zikwi zambiri, ndipo mudzi ndiwo kwao. Dolofini kwao ndi m'nyanja, kumene asambira mailosi ambiri tsiku limodzi, nasankha yekha anzace. Adolofini oyamba a asilikali anagwidwa ndi maukonde, ambiri a iwo m'nyanja ya Gulf of Mexico, nacotsedwa pakati pa abale ao. Kodi nyama imva cisoni pa zotere? M'caka ca 2013 Jason Bruck anaonetsa kuti dolofini azindikira mluzu wa mnzace amene anasiyana naye zaka 20 zapita. Nyama yokumbuka cotere sitingaiyese ngati nsomba ya m'mono. A ku America analeka kugwira adolofini a m'nyanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo atsopano abadwira m'makola. Kumeneko nkucepetsa coipa, koma kubala funso lina, pakuti mwana wobadwira m'khola la asilikali nchito yace yasankhidwa iye asanatuluke m'mimba mwa amace.

Nanga za kusathawa? Apa mpamene tiyenera kuganiza kwambiri. Dolofini wobadwira m'khola sadziwa kwina. Amace ali m'khola, anzace ali m'khola, ndipo nsomba zonse zimene wadya cibadwire zacokera m'ndowa. Akathawa apita kwa yani? Nthawi zina adolofini otuluka kunja anawabveka kalamba pa mlomo. Asilikali anati kalambako nkowaletsa kumeza zinthu zowadwalitsa. Otsutsa anati nkowaletsa kugwira nsomba okha, kuti njala iwabweze. Ngakhale tibvomere mau a asilikali, kubwerera kwa nyama kumene kuli cakudya cace si umboni wakuti yabvomera nchito. Akulu anati, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kukondwa kwa nyama sikutiuza cimene mwini wace alingalira.

Kuti muone kusiyana, kumbukirani nsadzu. Mbalame imeneyi iitana munthu m'thengo, nimtsogolera ku mtengo wa njuci. Munthu afula uci, mbalame idya zisa ndi ana a njuci, ndipo onse apita kwao. Palibe amene aitsekera m'cikwere; ikapanda kufuna, siitana. Adolofini a m'nyanja acita cimodzimodzi pa mudzi wa Laguna, m'dziko la Brazil. Kumeneko, kwa zaka zoposa 100, adolofini apirikitsa nsomba kunka nazo ku gombe kumene asodzi aima m'madzi, napereka cizindikiro ndi thupi lao kuti asodzi aponye maukonde. Asodzi agwira zambiri, ndipo adolofini nao adya bwino. Cimeneco ndico cibwenzi ca nyama ndi munthu, pakuti ali yense ali ndi mphamvu yakukana. Ca m'khola tingacipatse dzina lina, koma osati limenelo.

Palinso cinthu cina cacikulu. Munthu wolembedwa usilikali adziwa kuti nkhondo ndi ciani. Adziwa dziko limene alimenyera, adziwa kuti kuli imfa, ndipo akafa abale ace adziwa cimene wafera. Za iye tingati, wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Dolofini sadziwa zimenezi konse. Kwa iye bomba ndi cinthu cobisika cimene akacipeza wezulo alira, nsomba nibwera. Ali ngati mwana amene mwamtuma kukatola mpira pafupi ndi una wa njoka, osamuuza za njokayo. Mwanayo athamanga alikuseka, koma kuseka kwace sikucotsa mlandu pa amene wamtuma. Nyuzipepala zikonda kucha adolofini amenewa ngwazi. Dzinalo silikhala bwino, cifukwa ngwazi ndi iye amene aona coopsa, napitabe. Mu mzinda wa London muli cikumbutso ca mwala, cotsegulidwa m'caka ca 2004, ca akavalo, abulu, agalu, nkhunda ndi nyama zina zimene zinafera m'nkhondo za anthu, ndipo mau olembedwa pamenepo abvomereza kuti nyamazo sizinasankhe.

Kwa zaka zambiri kwamveka mbiri yakuti adolofini ena anaphunzitsidwa kupha anthu osambira, kapena kunyamula mabomba kunka nao ku zombo za adani. Asilikali a ku America akana kuti sanacite zotere, ndipo cifukwa cimodzi cimene apereka ncakuti dolofini sangathe kusiyanitsa combo ca adani ndi ca kwao, kapena msilikali wa adani ndi wa kwao. Yankholi ndi lanzeru, koma taonani cimene litiphunzitsa. Dolofini alibe mdani pakati pa anthu. Adolofini a ku Sevastopol anatumikira mbendera zitatu, ya Soviet Union, ya Ukraine ndi ya Russia, osadziwa ndi imodzi yomwe. Mwini wao atasauka, iwo anagona ndi njala. Mwini wao atagonja, analandidwa pamodzi ndi zombo ndi nyumba. Cisamaliro cabwino ca ku San Diego cidalira cuma ca boma limene liwasunga, ndipo mbiri ya ku Sevastopol ionetsa kuti cuma ndi maboma zisintha nyama ikali ndi moyo, pakuti dolofini akhoza kufika zaka 40.

Ngakhale m'manja mwa mwini wolemera zoopsa ziripo. Nyama ya m'madzi aigoneka pa macira, naiulutsa pa ndege maora ambiri, naitsitsa m'madzi acilendo, otentha kapena ozizira kuposa a kwao. M'caka ca 1988 dolofini wocokera ku madzi ofunda a ku Hawaii anafa patangopita masiku owerengeka atafika ku Bangor, m'cigawo ca Washington, kumene asilikali anafuna kuti adolofini alonde sitima zoyenda pansi pa madzi. Mabungwe osamala nyama anasuma ku bwalo m'caka ca 1989, ndipo nchitoyo inaima; koma m'caka ca 2010 adolofini anapitabe kukalonda kumeneko. Tiganizirenso adolofini a m'nyanja, amene sanalowepo m'khola. Dolofini sabvala yunifomu. Msilikali akadziwa kuti adani ace atuma adolofini, nanga akaona wina alikusambira pafupi ndi combo cace adzatani? Sadzafunsa kuti ndiwe wa yani. Motero kuphunzitsa owerengeka kuika mtundu wonse pamaso pa mfuti.

Ine ndiganiza kuti nchito ziwirizi sizifanana. Kucotsa mabomba kuti combo ca cakudya cilowe pa dooko ndi nchito yopulumutsa, ndipo pamene palibe njira ina nkobvuta kunena kuti anthu a njala adikire. Moyo wa munthu ndi waukulu. Koma kuimika dolofini pa khomo la dooko kuti alonde zida ndi kusaka anthu, kumeneko nkumlowetsa m'nkhondo yeniyeni, ndipo sindiona cifukwa cokwanira. Ngakhale pa nchito yoyamba ija, kusowa kwa njira ina ndiko kokha kumene kutikhululukira, ndipo cikhululukiro cotere cikhala ndi malire ace. M'caka ca 2012 asilikali a ku America ananena kuti makina oyenda okha pansi pa madzi adzayamba kulowa m'malo mwa adolofini ofuna mabomba m'caka ca 2017. Cakaco cinafika, nicipita, adolofini akali pa nchito, pakuti makina sanafikebe pa luso lao pofuna mabomba okwiririka. Pakali pano maganizo a anthu alikusintha. India inaletsa nyumba zoonetsera adolofini m'caka ca 2013, ndipo Canada inaika lamulo m'caka ca 2019 loletsa kugwira ndi kubereketsa adolofini ndi anangumi m'makola.

Wina adzati, ngati ndi tero, atsegule makola onse lero lomwe. Zimenezo zinayesedwa. Ric O'Barry ndi munthu amene m'zaka za m'ma 1960 anaphunzitsa adolofini a sewero la pa kanema lochedwa Flipper, koma pambuyo pace anatembenuka mtima, nakhala wotsutsa kusunga adolofini m'makola. M'mwezi wa May 1996 iye ndi anzace anatenga adolofini awiri amene kale anali a asilikali, Luther ndi Buck, nawamasula m'nyanja pafupi ndi Key West, ku Florida, wopanda cilolezo ca boma. M'mawa mwace Luther anaoneka pakati pa mabwato a pa dooko, ali ndi mabala akuya, alikupempha cakudya kwa anthu. Buck anapezeka patapita masabata awiri, mailosi oposa 40 kucokera pamene anamsiya, wobvulala ndi woonda. Onse awiri anagwidwanso, ndipo m'caka ca 1999 bwalo linalipitsa omasulawo madola 59,500. Colinga cao cinali cabwino, koma nyama imene munthu waizoloweretsa ndowa simungaibwezere ufulu mwa kungotsegula citseko. Amene anaitenga ali ndi ngongole yakuisunga bwino kufikira imfa yace, ngakhale italeka kugwira nchito. Pamene pali mphamvu yeniyeni yosankha mpa ana amene sanabadwe: kuleka kugwira ena m'nyanja, ndi kuleka kubereketsa ena kuti adzalowe m'malo mwa okalamba.

M'mwezi wa April 2019 asodzi a kumpoto kwa Norway, pafupi ndi Hammerfest, anaona nangumi wamng'ono woyera, wa mtundu wa beluga, alikudzikhuza pa bwato lao. Pathupi pace panali malamba okhala ndi pomangirira kamera, ndipo pa malambawo panalembedwa dzina la mzinda wa St. Petersburg. Anthu ambiri anaganiza kuti wathawa kwa asilikali a pamadzi a Russia, koma boma la Russia silinabvomere kuti ndi wao. Msodzi wina analowa m'madzi ozizira, nambvula malambawo, ndipo anthu a ku Norway anamucha Hvaldimir. Tsopano anali mfulu, koma sanapite kumpoto kumene kukhala anangumi a mtundu wace. Anatsata mabwato, nasewera ndi anthu pa madooko, natola zinthu zogwera m'madzi ndi kuzibwezera kwa eni ace. Anaphunzira kudzigwirira nsomba, koma mapiko a injini za mabwato anamceka kangapo. Zaka zisanu anayenda yekha m'mbali mwa gombe, kufikira ku Sweden ndi kubwerera. Pa 31 August 2024 anampeza atafa, alikuyandama pa Risavika, pafupi ndi mzinda wa Stavanger.